Ndalama Nzolipira Buluzi, Wonyamula Uthenga Ndi Bilimankhwe

Pamene mtengo wa bandulo ya intaneti unakweranso, monga zakhala zikukwerera zinthu zonse chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu 2023, ine ndinaumva uthengawo ndi mtima wa munthu wopulumuka, pakuti foni yanga, yomanga ndi mphira, ntchito zake zinali ziwiri zokha: kufulasha abale ndi kuunikira njira ya kuchimbudzi usiku. Koma taonani, mwana wanga wamkazi wa Fomu 2 anadza kuchokera kusukulu, nagwada monga mwana woleredwa, nati aphunzitsi a Chichewa awagawa m'magulu, ndipo gulu lililonse lipeke nthano yofotokoza chiyambi cha chinthu, yonga zija za makolo, polemberana pa WhatsApp, uyu ndime yake, uyu ndime yake, kufikira itatha. Popeza kusukuluko mafoni saloledwa, mtolo wonse unatera pa foni ya mwini khomo.

Ndinamuuza mwanayo, ndi ulemerero wonse wa bambo amene m'thumba mwake mulibe kanthu, kuti masiku athu nthano inkadya nkhuni ndi mbatata basi. Kuti agogo akati padangokhala ife tinkavomera kuti tili tonse, tikumathira mang'ombe pa nyimbo, ndi kuwakumbutsa akalumpha pena, kotero kuti kupekera pamodzi kumene aphunzitsi akukuyesa kwachilendo ife tinakuyamwira. Iye anamvetsera mwaulemu mpaka ndinatsiriza, nati, "Zikomo bambo, bandulo ya sabata ndiyo yotchipirako."

Aliyense wobadwira kuno adziwa kuti Chauta anatuma bilimankhwe kwa anthu ndi mawu akuti akafa adzaukanso, ndi kuti pambuyo pake kunanyamuka buluzi ndi mawu akuti akafa afa ndithu; bilimankhwe anayenda mwa chikhalidwe chake, akuponya mwendo ndi kuubweza, diso lina kumwamba lina pansi, ndipo pofika anapeza buluzi atalankhula kale. Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti bilimankhwe uja anapuma pantchito chifukwa cha manyazi. Ayi ndithu, anamulemba ntchito a kampani ina ya mafoni, imene sindiitchula pakuti ndili nayo ngongole ya mayunitsi, ndipo anamupatsa dera lathu lino kuti aziliyang'anira yekha. Ndalama amandilipiritsa za buluzi. Mwanayo akalemba ndime yake dzuwa likulowa, ine ndimakwera pachulu cha kuseri kwa khola, mkono uli m'mwamba, anthu opita kudimba nkumandipatsa moni mwachifundo, ndipo bilimankhwe amatuluka m'fonimo, nayang'ana nyengo, nasintha mtundu, nabwereramo.

Gulu la mwana wanga linasankha kufotokoza chifukwa chimene Nyanja ya Chilwa imaphwera, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndipo anapeka msodzi wina amene anakwiyitsa mwini madzi pobisa matemba. Mwana wanga, amene anatengera mtima wachisoni kwa amake, analemba ndime yakuti msodziyo analapa nakhululukidwa. Ndimeyo tinaipereka kwa bilimankhwe Lachiwiri. Mnyamata wina wa m'gulumo, amene bambo ake ali ndi sitolo pafupi ndi nsanja ya netiweki, analemba kuti msodziyo anamezedwa ndi matope, ndipo yake inafika nthawi yomweyo. Pamene chikhululukiro chathu chinkafika Lachinayi, msodzi anali ataikidwa kale, pasiwa atasesa, ndipo mtsikana wina anali atamupekera ndi nyimbo ya maliro yomwe. Chotero imfa inalowanso m'dziko kachiwiri, pa njira yomwe ija, koma ulendo uno ine ndi amene ndinalipira thiransipoti.

Ndinafuna kupita kukadandaula, koma mwanayo anandionetsa malamulo amene aphunzitsiwo anaika pamwamba pa gulu, ndipo ndinakhala pansi. Palibe kufufuta ndime ya mnzako. Ikakuwawa, lemba yako yoiwongola. Palibe kutapa nthano ya eni pa intaneti ndi kuitcha yako. Ukamva kanthu kwa wamkulu, umupemphe kaye, ndipo utchule kuti unamva kwa yani. Palibe kuika chithunzi kapena dzina la munthu wamoyo m'nthano. Lomalizali akuti linabadwa pamene mwana wina anapatsa mfiti ya m'nkhani yawo dzina la gogo weniweni wa m'mudzi mwawo, anzake nkuseka; aphunzitsiwo anaimitsa ntchito yonse kufikira dzinalo litachotsedwa.

Apa ndiye kuseka kumandithera. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inayenda ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo, ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa cha nkhani imene panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kunena mwini wake. Lamulo loona za mauthenga a pa intaneti linalipo kale kuyambira 2016, koma lamulo silikhala m'chala cha munthu pamene akutumiza. Anawa akuphunzitsidwa kuti nkhani yopeka izidziwika kuti njopeka, ndi kuti pakamwa pamene yachokera pazitchulidwa. Ife akuluakulu, m'magulu athu a mpingo ndi a banki m'khonde, timalengeza maliro a anthu amene akudya nsima, ndipo buluzi sanatisowepo. Mphunzitsi ameneyo akugwira ntchito imene ife makolo tinaithawa, ndipo akuigwira ndi foni yake ndi bandulo yake.

Pofuna kuukitsa msodzi uja popanda kuswa lamulo, mwana wanga anapita kwa agogo ake, mayi anga ondibala, kukafunsa ngati m'nthano munthu womezedwa ndi matope angabwerenso. Safunsa anadya phula. Mayi anati angabwere ndithu, nayamba kulongosola, koma atamva kuti mawu awo ajambulidwa ndi kutumizidwa, anaima pakati pa chiganizo, nati popeza sukulu yalamula kuti mwini nkhani azilemekezedwa, ulemu wawo ukhale paketi ya shuga ndi masamba a tiyi, zoperekeratu. Ndinapereka, pakuti kunalembedwa za kulemekeza atate ndi amayi. Analankhula kufikira batire litatsala pang'ono kutha, ndi nyimbo zomwe, kubwereza pamene panawakomera.

Katundu wotereyu bilimankhwe anangomuyang'ana ndi diso limodzi. Mwanayo wandiuza kuti mawu ojambula amafuna bandulo ya mwezi, ndi kuti teremu yamawa aphunzitsi akufuna nthanoyo aisewere pa vidiyo. Ine ndayamba kale kufunsa mtengo wa mbuzi kumsika, ndipo chulu chija ndachisemera masitepe.