Katswiri wa mindandanda

Akuti m'chaka cha 1918, Charles Schwab, mkulu wa kampani ya zitsulo ya Bethlehem Steel ku America, anapempha Ivy Lee kuti amuthandize kuthetsa kuzengereza pakati pa mabwana a kampaniyo. Mankhwala a Lee anali osavuta: madzulo aliwonse lembani ntchito zisanu ndi imodzi za mawa, yofunika kwambiri ikhale pamwamba, ndipo kukacha musakhudze yachiwiri yoyamba isanathe. Nkhaniyo imati Schwab analipira madola 25,000.

Mwini danga lino anawapeza ulere mankhwalawo, ndipo amawamwa mosadumphitsa. Anagula kope ndi bolopeni, nalemba pamwamba penipeni kuti “kukhoma lata lomwe linasasuka dzinja latha”. Koma kukwera padenga kumafuna makwerero, ndipo makwerero ali kwa aneba. Poti lamulo likuletsa kukhudza yachiwiri yoyamba isanathe, mkuluyu sakhudza chilichonse. Madzulo amakopera mndandandawo patsamba latsopano, zilembo zake zokongola kuposa dzulo.

Asayansi akumudziwa bwino munthu wotere. Mu 1927, Bluma Zeigarnik ku Berlin anaonetsa kuti ntchito yosiyidwa panjira imakakamira m'mutu kuposa yomalizidwa. Mu 2011, E. J. Masicampo ndi Roy Baumeister anapeza kuti munthu akangokonza dongosolo lomveka la momwe adzaigwirire, maganizo aja amaleka kumuvutitsa, ngakhale ntchitoyo asanaiyambe. Iwo ankafuna kuti mutu upepuke, munthu agwire ntchito bwino. Wa mkuluyu umapepuka mpaka tulo pamkeka.

Kuti kopelo lisachite manyazi, anayamba kulembamo zomwe wachita kale: kudzuka, kusamba, kumwa tiyi. Zonse chonge, chonge, chonge.

Mayi akunyumba, amene amatchera beseni pabalaza mvula ikagwa, anaona kuti zafika pena. Sanawerengepo buku la David Allen la mu 2001, lomwe limalangiza kulemba kantchito kakang'ono koyambira m'malo mwa chintchito chonse, komanso kuchita pompopompo chilichonse chosadutsa mphindi ziwiri. Nzeruyo anabadwa nayo. Anatenga kope lija, nafufuta za lata, nalemba kuti “kukabwereka makwerero”.

“Abambo, kwa aneba ndi apa. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nyamukani madzi a nsima asanawire.”

Zinathekadi, ndipo apa sayansi iyenera kupatsidwa ulemu wake. Kantchito kakang'ono sikaopsa. Mkuluyu anavala nsapato, natuluka pachipata molimba mtima, nawapeza aneba ali pansi pa mtengo wa mango, bawo lili patsogolo.

“Makwerero? Pepani achimwene, anathyoka mwendo. Koma musadandaule, ndinalemba kale. Ali nambala wani pa mndandanda wanga.”

Mwini danga lino anawamvetsa kwambiri. Anakoka mpando, nafunsa kuti akuyamba kutakata ndani.