Chala Chimodzi ndi Nsabwe za Makono

Makolo athu, amene ankakhala padzuwa naswa nsabwe pakati pa zikhadabo za zala zamanthu ziwiri, anatisiyira mawu akuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Koma ife adzukulu awo a kuno kwa Mfumu Mlolo, chilandirireni lamya za m'manja, tayesa kuwatsutsa, pakuti tasenzetsa chala chimodzi katundu yense amene kale ankagawana miyendo, pakamwa ndi njinga. Chala chamanthu chomwecho ndicho chilonjera atsibweni a ku Tete, chitumiza makwacha kwa mwana wa sukulu ku Chipata, chifunsa mtengo wa soya ku Katete, chipepesa maliro ndi kukalipira mkamwini pa WhatsApp. Ndipo kukacha tichiyembekezeranso kutongola chimanga ndi kuswa nshawa monga mwa masiku onse.

Changa chinapirira zaka, kufikira usiku wina pamene chinandidzutsa ndi dzanzi loyoyoma ngati linthumbu lalowa m'nyumba, chitakokeramo mkombaphala ndi chala chapakati, pomwe kakanise, kamene sikanagwirepo ntchito chibadwire, kanali m'tulo ta mtendere. Mayi a kunyumba anati titeme mphini. Mnansi wanga anati alipo wandilodza chifukwa cha malata anga atsopano.

Kuchipatala, adokotala anandipinditsa manja kwa mphindi imodzi, ndipo dzanzi linabwera ngati laitanidwa. “Bambo,” anatero, “mfiti yanu ili m'thumba la malaya.” Anandifotokozera kuti pamfundo pomwe timavala wotchi pali kampata kopapatiza, modutsa mitsempha 9 yopinda zala pamodzi ndi mtsempha umodzi wonyamula kumva, wotchedwa median, ndipo m'katimo mukatupa, kapena dzanja likakhalitsa chipindire, wofinyika ndi wa kumvawo, nulira kudzera ku chala chamanthu. Sanaikire lamya yokha mlandu, pakuti matenda a shuga, kukhala ndi pakati, nyamakazi ndi kuthyoka kwa mfundo zimachitanso chimodzimodzi, ndipo nthawi zina gwero limakhala kutali, m'khosi, mtsempha utapanikizika pakati pa mafupa.

Chilango changa chinali chopepuka: kupumitsa dzanja, ndi kugona nditamanga kathabwa kowongola mfundo. Zikakanika, anati, ulipo jekeseni wophwetsa chotupa, ndipo pambuyo pake opaleshoni yaing'ono yodula kamnofu kolimba kofolera kampatako. Koma wozengereza amafota mnofu wa patsinde pa chala, mpaka batani la malaya kumusandukira mdani. Pamenepo ndinakumbukira Adonibezeki wa m'buku la Oweruza, amene anadula zala zazikulu za mafumu 70, ndipo ndinazizwa kuti ntchito imene iye anaigwira ndi lupanga, ife tikuigwira tokha, titagulanso mayunitsi ndi ndalama zathu.

Anyamata a pamsika, nditawachenjeza, anandionetsa kuti iwo amalemba ndi zala zamanthu zonse ziwiri, motero mwambiwo sauphwanya. Ndinawayankha kuti makolo ankati akaswa nsabwe imodzi napumula, pamene zawozo zimaswana usiku wonse.

Tsono m'masabata a kathabwa aja ndinapita wamiyendo kukapepesa maliro kutsidya kwa dambo, kumene ndinakhala pamphasa, ndinamva mbiri zonse popanda kulipira, ndipo anandipatsa nsima ya nkhwani wotendera. Ndipo poikanya m'manja ndinaona zala zonse zisanu zikugwirira pamodzi, ndi kakanise komwe.