Handulo ya zenera ndi ulendo wa alamu wa ku Dar

Cosmo City, Johannesburg

Okondedwa mayi a ana,

Ndikhulupirira kuti inu ndi ana mukudzuka bwino. Ine kuno ndili gwa, kupatula msana womwe ukudandaula ndi kapinga wa abwana, amene amamera ngati alipo akumulipira. Musadabwe kuti ndalemba papepala m'malo motumiza voisi pa WhatsApp. Nkhani iyi ndi yofunika kuiwerenga kawiri, ndipo ndikufuna mukawawerengerenso alamu, mokweza, atakhala pansi. Kalatayi ndampatsira thiransipota uja wa Lachinayi pamodzi ndi sopo, shuga ndi mafuta ophikira.

Uthenga wanu ndinaumva. Mwati handulo ya zenera la kuchipinda yathyoka, zenera likumenyetseka usiku wonse, ndipo udzudzu wa ku Chinsapo konse wauzana kuti kwathu kuli mgonero waulere. Pamenepo ndinamva chisoni. Kenaka munapitiriza kuti alamu adzipereka kukagula handulo yeniyeni ku Dar es Salaam, poti za m'mahadiweya a mu Lilongwe n'zosalimba, ndipo ine ndingotumiza ya basi, ya pogona, ya chakudya ndi kena kake kapamwamba. Ndinakhala pansi pa chidebe cha penti n'kumvetsera voisi ija katatu, kuopa kuti mwina netiweki yaonjezeramo mawu akeake.

Mayi, handulo ndi kachitsulo kotalika ngati chala changa chamkombaphala. Kuchoka ku Lilongwe kukafika ku Dar ndi makilomita pafupifupi 1,500. Njirayo ndikuidziwa, paja mu 2017 ndinaperekeza mkulu uja wa kutchalitchi kukatenga galimoto yake padoko. Munthu umadutsa Kasungu ndi Mzuzu, umatsetsereka Chiweta ukupemphera m'zilankhulo zonse, umafika Karonga, n'kudinditsa pasipoti pa Songwe. Ukaoloka mpamene ulendo ukuyamba: Kyela, Uyole, Iringa, mapiri a Kitonga, nkhalango ya Mikumi kumene anyani amakhala m'mbali mwa msewu kuwerenga mabasi, Morogoro, Chalinze. Pofika ku Dar miyendo imakhala itatupa ngati zigumu. Zonsezi chifukwa cha kanthu kolowa m'thumba la shati?

Ndiponso handulo imene alamu akufuna kukailonjera kunyanjayo inawadutsa kalekale. Katundu wambiri wa m'mahadiweya athu amachokera ku China, amatsika pamadoko a Dar, Beira kapena Durban, n'kubwera pa malole. Ndiye kuti mbale wake wa handulo ya ku msika wa Kariakoo ku Dar, bere limodzi, ali phee m'katoni pa Malangalanga kudikira munthu wokwera minibasi imodzi yokha.

Alamu ndimawadziwa, ndinadya nawo m'mbale imodzi. Chimene chikuwaitana ku Dar ndi zitenje, nsapato ndi makava a mafoni. Akufuna kuyamba geni yooda katundu, mpamba wake n'kukhala zenera langa. Geniyo sindikuinyoza, yamanga nyumba zambiri kwathuko, ndipo aliyense amene anafikapo pa msika wa Taifa ku Mzuzu akudziwa. Koma chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, aliyense kumudzi amayesa kuti randi yanga inanenepa. Randi ndi yomweyo, mayi, lendi ya kuno imaidya isanafike ndi pa Mukuru pomwe.

Komabe poti ndikudziwa kuti mtima ukafuna sumva, ndipo tsiku lina adzapita ndithu pa ndalama zawo, auzeni izi, pakuti safunsa anadya phula.

Choyamba ndi nthawi. Akaoloka Songwe asunthe wotchi ndi ola limodzi kutsogolo. Imeneyo ndi yophweka. Yovuta ndi yakuti anzathu aja amayamba kuwerenga maola dzuwa likatuluka. Kalaliki wotithandiza mapepala a galimoto anandiuza kuti tikumane "saa mbili". Ine ndi Chiswahili changa cha m'basi ndinati mbili ndi ziwiri, basi ndi 2 koloko masana. Ndinagona bwinobwino, ndinasamba kawiri chifukwa cha kutentha, ndinadya chipisi chokazingira pamodzi ndi mazira chimene amachitcha chipsi mayai, n'kunyamuka mwaulemu. Osadziwa kuti saa mbili ndi 8 koloko mmawa. Munthu anandidikira mpaka kutopa, galimoto inagonanso padoko, ndipo mkulu wa kutchalitchi uja anayankhula mawu amene mulibe m'buku la nyimbo.

Chachiwiri ndi Kariakoo mwiniwake. Dzinali linachokera ku Carrier Corps, gulu la onyamula katundu wa asilikali a Angelezi pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, amene anali ndi msasa pamalopo Angelezi atalanda mzindawo kwa Majeremani mu 1916. Ndi ntchito yomwe ija ya mtengatenga imene inatha azigogo athu ambiri. Iwo ankasenza mabokosi a zipolopolo pamutu. Alamu akufuna kukhala mtengatenga woyamba m'mbiri kusenza handulo imodzi, pa mtengo wa thumba la feteleza kangapo.

Malo amenewo si pa Tsoka kapena pa Lizulu ayi. Nyumba zosanja, pansi sitolo, pamwamba sitolo, kunsi kwa nthaka sitolo, ndipo pamsewu anthu, ngolo, njinga zamoto ndi mabajaji zonse zikulimbirana mpata umodzi. Ukangoima n'kuyang'ana kumwamba, mnyamata wafika kale, waona kuti ndiwe mlendo. Amenewo amawatcha mawinga. Alibe sitolo, koma chilichonse ali nacho. Amakukhazika pampando, amathamangira kuseri, n'kubwera ndi katundu wa mwini wake ataikapo yawo. Si akuba, ndi anthu ofuna kudya ngati ife, koma alamu ndi nkhope yawo yachifundo ija adzagula handulo pamtengo wa chitseko. Aphunzire mawu awiri, "bei gani" pofunsa mtengo ndi "punguza" popempha kuti atsitse, ndipo wachiwiriyo azimunena nkhope ili gwa. Asayambire msewu wa Congo kumene kuli zovala, chifukwa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada; zitsulo ine ndinaziona cha ku Gerezani. Mapu a m'mutu mwangawa ndi akale ndithu: nthawi imeneyo mabasi ankathera ku Ubungo pamene tsopano amathera ku Mbezi, ndipo msika waukulu umene ndinajambulitsapo chithunzi chija unapsa mu July 2021.

Chinanso, jezi yawo yofiira ya Bullets ija. Pa msewu wa Msimbazi idzawathandiza, poti mpamene pali likulu la timu ya mpira ya Simba ndipo nawo ndi ofiira, adzawatenga ngati mbale. Koma akangotsetserekera cha ku Jangwani kwa a Yanga, ovala zachikasu ndi zobiriwira, mtengo wa handulo ukwera pompo.

Tsopano ku zenera lenilenilo, pakuti kuno ndine mmisiri. Abwana amanditcha wa m'munda, koma mpope ukadontha ndine, geti ikakana ndine, galu akadwala m'mimba ndinenso.

Ku Dar nyumba zambiri zatsopano zili ndi mazenera a aluminiyamu okankhira m'mbali, ndipo n'zomveka, mphepo ya mchere yochokera kunyanja imadyetsa chitsulo dzimbiri. Alamu akangoti "dirisha", adzawapatsa kaloko ka zenera lotsetsereka, kokongola, kopanda ntchito kwa ife. Lathu ndi felemu ya chitsulo imene anatiwotcherera mnyamata uja wa ku Mchesi. Munthu wopita kukagula handulo, kaya ndi ku Dar kaya ndi pa Malangalanga, amanyamula yothyokayo m'thumba. Ndipo mahandulo ali ngati nsapato, pali ya kumanja ndi ya kumanzere. Mukaima m'chipinda muone mbali imene kuli mahinjesi. Handulo imakhala mbali inayo, ndipo kamlomo kake kayenera kuloza ku felemu kuti kakole. Mukaika yolakwika, imatseka mphepo yokhayokha.

Kuchotsa yakaleyo musathamange. Onani kaye chimene chaigwira. Ngati ndi sikuluu, mutu wake wakwiririka ndi penti, poti ndinapakapo katatu konse, ulendo uliwonse ndikabwera pa Khirisimasi kuti aneba aone kuti mwini nyumba wafika. Palani pentiyo ndi nsonga ya mpeni mpaka kamzere kaoneke, dontheterani oilo wa makina osokera kapena parafini, muisiye igone. Mmawa mutenge sikuludiraiva yokwana bwino m'kamzereko, mukanikize ndi mphamvu musanapotoze. Ikaterereka kawiri lekani, mungafafanize mutu. Hamala ayi. Ndikubwereza, hamala ayi, ndipo alamu akafika ndi hamala muwalandire ndi tiyi, hamalayo muibise. Pate wogwira galasi uja anauma kalekale, kungogogoda kamodzi tiyamba nkhani ya galasi, ndipo pa galasi mwina adzafuna ulendo wa ku Dubai. Mukapeza kuti si sikuluu koma riveti, imeneyo si ya m'nyumba, itanani wowotcherera. Asanayatse moto wake mutchinge galasi ndi chiguduli chonyowa, chifukwa tizitsulo tothetheka timaboola timaenje pagalasi tosachoka mpaka kale.

Mukamanga yatsopano, palani dzimbiri ndi penti m'mphepete mwa felemu, mudontheze oilo m'mahinjesi. Mahandulo ambiri amathyoka chifukwa zenera lauma, munthu n'kumalikoka ngati akukoka mbuzi yokana kupita kumsika.

Pogula, golide wa pamwamba asakunamizeni. Kandani kuseri kwake ndi kiyi. Ikakhala yachikasu mpaka mkati, ndi bulasi weniweni, ndipo imalemera m'dzanja. Ikaonetsa kutuwa, ndi zija zoumba zimene zimathyoka ngati bisiketi. Mukhozanso kutenga maginito a m'sipika ya wailesi yakufa ija: akamata, ndi chitsulo wamba chovala suti ya bulasi.

Pali nkhani ina imene ndaizungulira mokwanira. Mwati mwana wathu wamkulu ndiye wathyola handulo ndipo mwamuletsa mpira sabata ziwiri. Mumasuleni mwanayo. Mukukumbuka December wa 2022, pamene ndinaimirira pamaso pa akulu a mpingo n'kulengeza kuti mowa ndasiya? Ndinasiyadi, masana. Usiku inu mukagona ndinkatulutsa ka Green kamene ndinkabisa m'gambutsi, ndipo chotsekulira mabotolo munali mutachitaya kuchimbudzi ndi manja anu. Mano anga mukuwadziwa. Chimene chinatsala ndi handulo ija. Kamlomo kake kanakwana pa chitsekerero ngati anapangira zomwezo. Kaphokoso kaja munkafunsa m'tulo, ine n'kumati ndi nalimata wagwa kudenga, sanali nalimata. Usiku wachisanu ndi chimodzi handulo inalira thee, mng'alu. Ndinaimata ndi supagulu, n'kupakapo penti ulendo wachitatu uja, ndipo inu munandiyamikira pamaso pa amayi anu kuti ndine mwamuna wosamala pakhomo. Yapirira nthawi yonseyi payokha. Mwanayo anangoigwira pa tsiku lake lomwalira.

Ndime imeneyi powawerengera alamu mukhoza kuidumpha.

Musaganize kuti kuno ndikukhala m'galasi. Zenera la kachipinda kanga lilibe handulo chilowereni. Ndinalimanga ndi waya wa hang'ala, ndipo mu June chisanu cha kuno chimalowa n'kugona nane bulangete limodzi osasonkha lendi. Tsiku lililonse ndimati ndikonza Lamlungu, Lamlungu likafika ndimakhala ndikukonza za ena.

Tsopano tsegulani paketi ya shuga, ija ndaimanga ndi tepi yakuda. Mkatimo muli sokosi, m'sokosimo muli mahandulo awiri. Mwezi watha abwana anachotsa mazenera awo akale a chitsulo n'kuika a aluminiyamu, akalewo n'kuwaunjika kuseri kuti apite kotaya. Ndinapempha, anandilola, ndinakhala madzulo awiri ndikumasula. Ndi bulasi weniweni wa makedzana, wolemera ngati mwala wa pamtsuko, ndamukwecha ndi phulusa ndi mandimu mpaka akuwala. Ndatumiza wa kumanja ndi wa kumanzere chifukwa, kunena zoona, ndaiwala mbali imene zenera lathu limatsekukira. Nthawi zonse ndinkaligwira mumdima. Masikuluu ake ndawamata pa handulo iliyonse. Shugayo musefe musanathire mu tiyi.

Imene itsale muwapatse alamu, ikhale mpamba woyambira geni.

Moni kwa amayi, kwa ana, ndi kwa aneba a kumpoto aja ngati anabweza wilibala. Mwana wamkuluyo mumugulire Fanta, koma musamuuze chifukwa chake. Mahandulo akapanda kupezeka m'shugamo, mundiimbire ine ndithane ndi thiransipota. Musatume munthu kudzawalondola ku Joni.

Ndine mwamuna wanu,
Bambo a ana