Pang'onopang'ono ndi mtolo, nanga khosi?

Mwambi woti pang'onopang'ono ndi mtolo umalimbikitsa otola nkhuni. Za khosi la wosenza akuluakulu sadatchulepo, ndipo mbali imene adaisiyayo ndiyo imasautsa data logger, kabokosi kolemba zimene sensa yayeza, kaya ndi mvula, kutentha, kapena pamene madzi afika m'damu ngati la Chimwankhunda.

Khosi la kabokosika, malo ake osungira manambala, ndi lowonda zedi. Arduino Uno, imene ophunzira zamagetsi ambiri amayambira, ili ndi mabaiti 2,048 a SRAM, amene amaiwala zonse magetsi akangophethira, komanso mabaiti 1,024 a EEPROM, amene saiwala. Chithunzi cha pachinkhoswe chotumizidwa pa WhatsApp sichingalowemo ngakhale duku lokha.

Nambala imodzi ya kutentha imadya mabaiti 2, nthawi imene yayezedwa imadya 4. Ndiye kuti mu EEPROM mumalowa miyezo 170 basi. Kabokosi kakhama koyeza sekondi iliyonse kamakhuta mphindi zitatu zisanakwane, madzi a tiyi asanawire pambaula.

Mankhwala ake oyamba ndi ulesi. Mpweya sutentha modzidzimutsa ngati mtima wa landilodi pakutha pa mwezi, choncho kulemba avareji kamodzi pa mphindi 10 nkokwanira. Kenako kabokosiko kaleke kubwereza nthawi: kalembe ola loyambira kamodzi, zotsalazo munthu adzachita kuwerengetsa. Pamenepo mumalowa miyezo 512, masiku atatu ndi theka. Kakamalemba kusiyana kokha kwa muyezo watsopano ndi wapitawo, baiti imodzi imakwana, ndipo kamafika sabata yathunthu.

Mvula ndiyo ili ndi mwano. Choyezera chake chodziwika chimakhala ndi kachidebe kamene kamapendeka madzi akakwana mamilimita 0.2. Kuyambira Juni mpaka Okutobala, kulemba mphindi 10 zilizonse ndi kutola maziro, mtolo wa mpweya. Wochenjera amati kabokosi kalembe nthawi pokhapokha kachidebe kapendeka, ndipo chilimwe chonse amayenda chotukumuka. Koma mvula ya mamilimita 100 ndi kupendeka ka 500, mabaiti 2,000, pafupifupi kawiri malo amene alipo. Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku otsatizana, matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana. Masiku ngati amenewo ndi pamene manambala amafunika kwambiri, ndi pomwenso kabokosi kochenjera kaja kamadzazira msanga. Nchifukwa chake okonza mosamala amati kukauma kazikhala chete, mvula ikayamba kazingowerenga kuti kachidebe kapendeka kangati pa mphindi 10.

Malo akatha, kabokosi kamasonyeza khalidwe lake. Kena kamangoleka kulemba, ngati mwini okala amene kope la ngongole lamuthera. Kena kamatengera kondakitala wa minibasi ya ku Limbe: kuti wina akwere, wina atsike, ndipo wotsikayo ndi amene anayamba kukwera. Njira imeneyi imatchedwa ring buffer. Imasunga zatsopano nthawi zonse, kungoti mvula ikatalika, usiku woyamba ndiwo umatsitsidwa panjira. Ubwino wake wina ngoti imazungulira mipando yonse, pakuti kachigawo kalikonse ka EEPROM kamapirira kulembedwa pafupifupi ka 100,000. Wosunga nambala ya mpando wotsatira pamalo amodzi, nkumaisintha sekondi iliyonse, amakwanitsa chiwerengero chimenecho pa maola 28.

Ena amagula khadi la SD nkumati nkhani yatha. Malo ndi ochulukadi, koma khadilo limalembedwa m'zigawo za mabaiti 512, ndipo chigawocho chimayamba chadikira mu SRAM, kulanda gawo limodzi mwa magawo anayi. Magetsi akathima chisanasamuke, chimapita ndi mvula yake yomwe.