Juni wa ku Chifunde sasamala kuti unagona ku Tete

Anthu a mumzinda wa Tete sakhulupirira kuti kuzizira kulipo. Amakumva pa wailesi basi. Kwawo m'mphepete mwa Zambezi ngakhale mu Juni munthu amagona mawindo ali otsegula. Koma msewu wa N9, wochoka ku Tete kupita kuchipata cha Cassacatiza, ndi wokwera mtunda, ndipo ukamalowa m'boma la Chifunde usiku mphepo imasintha chilankhulo.

Mnyamata wina wa ku Matundo, ku Tete komweko, anakwera pamwamba pa lole masana atavala malaya odula manja ndi magalasi akuda. Pambali pake panali gogo wina wa ku Nsadzu ndi tonde wake.

"Agogo, chinyama chanuchi chichotseni pano, chikununkha."

Gogo sanayankhe, anangomukokera tondeyo kumapazi ake. Dzuwa litalowa, magalasi aja analowa m'thumba. Pofika ku Luia mano a mnyamatayo anali akuimba okha, ndipo pang'onopang'ono anasendera mpaka anamukumbatira tonde ngati m'bale wake wotayika.

"Mdzukulu wanga," anatero gogo, "kununkhiza kunali kwaulere. Kufunda ndi mametikali 50."

Analipira, ndipo sanapemphe kuti amuchotsereko.

*

Shapa (minibasi) ya m'bandakucha ili ndi mwambo wake. Madzulo amakuuzani kuti tinyamuka 4 koloko, ndipo inu mumafikadi 4 koloko, mutadzikulunga zitenje ziwiri. Woyendetsa amatulukira tambala atatopa kulira, n'kupeza kuti batire nalo lagona ndi chisanu. Aliyense pansi, tikankhe!

Tsiku lina atakankha mpaka thukuta, bambo wina anati kwa kondakitala: "Achimwene, poti takankha tokha, mtengo utsike."

"Utsike bwanji, bambo? Munabwera mukunjenjemera, pano mwavula jekete. Tikanayenera kuwonjezera ya moto."

Mayi wina kumbuyo anangoti, "Musiyeni, angatizimitsirenso injini kuti tifunde kawiri."

*

Koma tisanamizire nyengo. Juni ndi Julayi ndiyo miyezi yabwino kuyenda kuno, chifukwa matope aja auma, mitsinje yaphwa, ndipo malole a fodya amafika mpaka kumidzi ya ku Mualadzi kumene mu Febuluwale njinga yamoto yomwe imachita kunyamulidwa pamapewa. Vuto n'lakuti matope akauma sapita kulikonse, amangosanduka fumbi n'kukudikirani pomwepo.

Mlimi wina anabwerera kuchokera kumsika wa fodya pa njinga yamoto ya hayala, ulendo wonse ali kumbuyo kwa lole. Anafika pakhomo pake ali psuu, tsitsi, nsidze, ndevu, zonse mtundu umodzi. Galu wake anamuuwa. Ana anathawira kuseri kwa nkhokwe. Mkazi wake anatuluka, nagwada chapatali mwaulemu wonse.

"Pepani alendo, eni nyumba kulibe, apita kokagulitsa fodya."

"Anaphiri, ndine ndemwe!"

"Mawuwo ndawamva, koma nkhopeyo ayi."

Bamboyo anapisa dzanja m'sokosi n'kutulutsa mpukutu wa ndalama.

"Aa, bambo a Chikondi! Mwaonda bwanji? Ana inu, madzi pamoto!"

*

Za madzi pamotozo, amene amaphikiridwa ndi wobwera ndi ndalama za fodya. Ena tonsefe timakumana ndi ndowa imene yagona panja. Mwana wina wa sukulu anatulukira nzeru: ankalowa kubafa, n'kumathira madzi pa udzu wa mpanda kwinaku akukuwa "Mayo! Mayo!" kuti amve kukhitchini. Patatha sabata mayi ake anamuitana.

"Iwe, mpanda wa bafa wayamba kuphuka mu Julayi. Mawa usambe ndiwe, wasamba mokwanira mnzakoyo."

*

Wina anandifunsa ngati ku Chifunde kuli chilumba. Nyanja tilibe, koma zilumba timakhala nazo za nyengo. Mitsinje ya Luia ndi Capoche ikadzaza mu Januwale, pali midzi imene imakhala payokha, kopanda wolowa kapena wotuluka, ndipo palibe amene amakonda nyengo imeneyo kuposa munthu wangongole.

Mkulu wina anabwereka matumba awiri a chimanga kutsidya, nalonjeza kuti abweza madzi akaphwa. Mwini chimanga anadikira. Mu Julayi anawoloka pamchenga osavula n'komwe nsapato, nam'peza mnzakeyo akuotha moto, mbatata ili m'phulusa.

"Abanda, madzi aja aphwa."

"Ati?"

"Amumtsinjemo. Onani nsapato zanga, zouma."

"Aa, inu mumanena amenewo? Ine ndimanena a ku Cahora Bassa."

Damu limenelo lasunga madzi kuyambira 1974, choncho mlanduwo unapita kwa amfumu. Amfumu anagamula kuti chimanga chibwezedwe sabata yomweyo, ndipo mbatata ija anadya ndi iwo.

*

Kumalire nako kuli zake. Madalaivala a malole akuluakulu amene amadikira mapepala pakati pa Cassacatiza ndi Chanida amagona m'magalimoto mwawo, ndipo m'mawa amazungulira mbaula ya mayi wogulitsa tiyi ngati ndi msonkhano wa chipani. Mmodzi anakhala pamenepo ola lathunthu, manja pamoto, osagula kanthu.

"Bambo, tiyi?"

"Ayi mayi, ndikudikira mnzanga."

"Mnzanuyo akabwera mumuuze kuti makala mwatha ndi inu, iye alipire."

*

Chisanu chikamatha, chakumapeto kwa Ogasiti, msewu womwewu umadzaza ndi Achewa opita ku Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kukagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi pamodzi ndi anzawo a ku Malawi ndi ku Zambia. Apo m'pamene anthu amanyengeka: masana kwayamba kutentha, ndiye bulangeti amalisiya kunyumba kuti malo a thumba la ufa apezeke. Ku Mkaika ambiri amagona panja, ndipo amene amavina usiku wonse si onse okonda chikhalidwe. Ena akungothawa mphasa yozizira.

Ndiye inu a ku Tete amene mukukonzekera ulendo wakumtunda kuno, tengani bulangeti. Atonde akwera mtengo.