Malangizo kwa kholo lofuna kulimbana ndi mahomoni

Mwana wanu wamkazi wa zaka 11 akamupitirira msinkhu mchimwene wake wa zaka 12, musazengereze. Itanitsani msonkhano wa banja, mufufuze amene akumudyera ndiwo mnyamatayo. Wina asakuuzeni kuti atsikana amayamba kutha msinkhu pakati pa zaka 8 ndi 13 pomwe anyamata amayamba pakati pa 9 ndi 14, kapena kuti nyengo yotalika mofulumira imawapeza atsikana kutatsala zaka ngati ziwiri kuti iwafike anyamata. Mfundo zotere zimathetsa mlandu thobwa lisanabwere.

Mwini nkhani simungamugwire. Ali mu ubongo, m'kachigawo kotchedwa hypothalamus, ndipo amayamba kutulutsa homoni yotchedwa GnRH usiku, mwana ali m'tulo, inu mutakhoma kale zitseko. Uthengawo ukafika ku kachiwalo kotchedwa pituitary, mahomoni a LH ndi FSH amalowa m'magazi. Kwa mtsikana, mabasiketi a mazira amayankha ndi estrogen. Kwa mnyamata, machende amayankha ndi testosterone. Poti zonsezi zachitika popanda kukupemphani, mulandeni mwanayo foni. Sizisintha kanthu, komabe mtima ukhala m'malo.

Testosterone ikayamba kukulitsa kholingo, mawu a mnyamata sadziwika kolowera: akayamba moni ndi besi amamaliza ndi kamluzu. Imeneyo ndiye nthawi yomuumiriza kuyimba yekha vesi pa kwaya Lamulungu. Akatupa pang'ono pachifuwa, gwirani nkhuku muthamangire kwa sing'anga. Zimachitikira pafupifupi theka la anyamata ndipo kawirikawiri zimaphwa zokha zaka ziwiri zisanathe, choncho sing'angayo sangalephere.

Chinsinsi chimodzi mumubisire zolimba mwana wamwamunayo. Thupi lake limasandutsa ina mwa testosterone yake kukhala estrogen, homoni imene iye amaiyesa ya akazi okha, ndipo estrogen yomweyo ndi imene imadzatseka nsonga za mafupa kuti munthu aleke kutalika. Mlongo wake anailandira msanga, anathamanga msanga, naima msanga. Iye wachedwa pakhomo, wapeza zaka zina zokulira, n'chifukwa chake amuna amatalika kuposa akazi ndi masentimita pafupifupi 13. Musiyeni azinyada ngati analimira.

Ziphuphu ndi fungo la m'khwapa sizisankha: tiziwalo ta pamwamba pa impso timatulutsa mahomoni oyambitsa zimenezi mwa onse awiri, pakuti mtsikana nayenso ali ndi mahomoni otchedwa achimuna, ochepa chabe. Inu nenani kuti ndi chiponde.

Kunena za mtsikana, thupi lake ndi laulemu kuposa makolo ambiri. Mawere akayamba, pamapita zaka ziwiri kapena kuposerapo asanayambe kusamba. Limeneli ndi chenjezo lokwanira, ndiye muligwiritse ntchito pokhala chete. Dikirani tsikulo limupeze m'kalasi, atavala yunifolomu, kenako mutume mwana akaitane azakhali ake kuti adzamuuze m'mphindi khumi zimene zikananenedwa bwinobwino chaka chatha. Akalira, muziti ana a masiku ano alibe mwambo.

Za nsapato, gulani zomukwana ndendende, zodula kwambiri. Mapazi ndi manja ndi zimene zimatsogola kukula thupi lonse lisanatsatire, ndipo teremu isanathe mng'ono wake adzakuthokozani.