Ndinapita Kukaona Prague, Prague N'kundiona Ine

Ndiyambe ndi kuulula kuti mpaka tsiku lokwera ndege ndinkauzabe anthu kuti ndikupita ku Czechoslovakia, dziko lomwe linagawikana pa 1 Januwale 1993. Msonkhano wakuntchito unali ku Prague, ndipo utatha ndinati ndiyendeko pang'ono. Anzanga anati ndilipire guide. Ndinaseka. Munthu woti ndimasintha maminibasi mudepoti ya Lilongwe nyengo ya Khirisimasi, ndingasochere bwanji mumzinda woti msewu uliwonse uli ndi chikwangwani?

Zinayambira pa ndalama. Poti dziko la Czech Republic, komwe kuli Prague, linalowa mu European Union mu 2004, ndinanyamula ma euro okhaokha, osadziwa kuti eni ake amagwiritsabe ntchito koruna, ndiye pakanyumba kogulitsira masoseji ndinatambasula ndalama yanga ndi manja awiri mwaulemu wonse, mayi wogulitsayo akupukusa mutu, mzere kumbuyo kwanga ukutalika, soseji ndaluma kale.

Nditasintha ndalama ndinagula tikiti ya tramu nambala 22 yokwera ku Prague Castle, n'kuisunga bwino m'thumba la malaya kudikira kondakitala. Kulibe kondakitala kumeneko. Tikiti umailowetsa wekha m'kamakina kachikasu kuti kadinde nthawi. Amene anabwera anali woyendera matikiti, bambo waulemu kwambiri, amene anamvetsera nkhani yanga yonse mpaka kumapeto asanandilembere chindapusa chomwe chinameza budget ya chakudya chamadzulo. Chifukwa cha manyazi ndinatsika pasiteji yotsatira, chitunda chonse ndikuchiona, n'kuyamba kuchikwera wapansi pamiyala yoyala mumsewu, nditavala nsapato zatsopano zosongoka zomwe ndinagulira msonkhano.

Pamwambapo pali tchalitchi chachikulu cha St Vitus, chomwe anayamba kumanga mu 1344 n'kudzamaliza mu 1929. Anthu aja anapirira zaka 585. Ine ndinalephera kupirira matuza a kuzidendene. Pamene alendo ena ankayang'ana kumwamba kusirira zenera la magalasi amitundumitundu lojambulidwa ndi Alfons Mucha, ine maso anali pansi kufunafuna pokhala. Mu Golden Lane, kanjira ka tinyumba ting'onoting'ono, ndinalowa nambala 22 momwe wolemba mabuku Franz Kafka ankalembera cha m'ma 1916, koma ndinalowa mutu uli chilili, ndipo mphuthu ya chitseko inandikumbutsa kuti m'nyumba ya eni umalowa chowerama.

Ndikutsimphina pa Wenceslas Square ndinaona chikwangwani cha Bata, mtima n'kudumpha. Ndinalowa kukagula nsapato zofewa ndipo ndinauza mtsikana wogulitsa, monyadira ndithu, kuti kampani imeneyi ndi yakwathu ku Malawi, nsapato zanga za kupulayimale zinali zomwezi. Anandiyankha mofatsa kuti Tomáš Baťa ndi abale ake anaiyambitsa mu 1894 mumzinda wa Zlín, m'dziko lomwelo ndinaimamo. Ndinalipira osayesa n'komwe, ndipo zinali zothina.

Wotchi yotchuka ya Orloj pa Old Town Square yakhala pakhoma paja kuyambira 1410. Ola likakwana, chidole cha mafupa okhaokha chimaliza belu, atumwi 12 amadutsa pamawindo awiri, kenako tambala amalira, zonse osakwana n'komwe mphindi imodzi. Ine ndinakankhana ndi khamu mpaka kupeza malo abwino, n'kutembenuka kuti ndijambule selfie, foni n'kukana chala changa chathukuta, ndikuipukutira pabuluku, belu likulira kumsana kwanga, ndipo potembenuka ndinangopeza anthu akuomba m'manja. Ndinadikira ola lina. Ulendo uno ndinajambula vidiyo yonse bwinobwino, kungoti kamera inali yoyang'ana kwa ine. Amene akufuna kuona mphuno yanga ikumvetsera tambala wa ku Prague andipeze.

Pa Charles Bridge, mlatho womwe Mfumu Charles IV inayambitsa mu 1357 pamtsinje wa Vltava, pali ziboliboli 30. Anthu amasisita mkuwa wapansi pa chiboliboli cha John wa ku Nepomuk, wansembe amene anaponyedwa mumtsinjewo mu 1393, ati kuti adzabwerenso ku Prague. Ine ndinasisita ndi mtima wonse chiboliboli china, chifukwa ndi pokhapo panalibe mzere.

Kenako ndinakwera sitima kupita ku Kutná Hora, mzinda womwe unalemera ndi migodi ya siliva. Ku Sedlec, dera la mumzindamo, kuli katchalitchi kokongoletsedwa ndi mafupa a anthu pafupifupi 40,000, omwe mmisiri František Rint anawasanja mu 1870. M'sitima ndinkauza mnzanga wapampando kuti ine sindiopa zinthu zotere. Koma munthu wokulira komwe kumanda sitiloza n'komwe chala, nditatsika masitepe n'kuona choikapo makandulo cha mafupa chikulendewera pamutu panga, zigaza zitaunjikidwa mbali zonse, ndinangomva pakamwa panga pakutuluka "pepani, pepani" kwa aliyense wopanda maso, ndikubwerera chambuyo mpaka kuponda phazi la mayi wina wamoyo. Tchalitchi chokongola cha St Barbara ndinachiona chapatali, chifukwa shortcut yanga inakathera kuseri kwa mpanda wa munthu.

Chimake cha zonse chinali ku Karlovy Vary, tauni ya akasupe a madzi otentha, komwe kasupe wa Vřídlo amatumphuka mpaka mamita 12, madzi ake otentha kupitirira madigiri 70. Anthu kumeneko amagula kakapu kadothi kokhala ndi kamlomo, n'kumapsontha pang'onopang'ono akuyenda m'makonde ataliatali. Ine nditamva kuti madziwo ndi aulere komanso ndi mankhwala, ndinati awa sadziwa kugwiritsa ntchito mwayi. Ndinagugudiza kapu yodzadza pakasupe aliyense, ngakhale madziwo ankamveka mchere ndi dzimbiri, osadzifunsa kuti mankhwalawo amachiza chiyani. Amathandiza m'mimba, abale anga, ndipo amagwira ntchito mwachangu. Ulendo wa basi wobwerera ku Prague ndi wa maola awiri, ndipo ndinautha nditakhala tsonga, thukuta lili kamukamu, ndikupemphera m'zinenero zonse zomwe ndimadziwa, kenako pofika ndinathamangira kuchimbudzi cholipira n'kupeza kuti makobidi okha otsala m'thumba ndi tindalama tosakwanira.

Malo onsewa ndi oyenera kuwaona, ndipo anthu ake anandipirira kuposa momwe ndikanadzipiririra. Tsopano alamu anga akupita konko mwezi wamawa ndipo anabwera kudzafunsa nzeru kwa ine, munthu wodziwa dzikolo. Ndawauza kuti asataye ndalama pa guide. Ndawajambulira mapu ndekha.